Dzina la Tikondwe Lakwera Ndege

Kasakula,
Ntchisi.
22 Julayi, 2024.

Okondedwa achimwene Obadiya,

Ndikhulupirira muli bwino kumeneko ndipo maphunziro akuyenda. Kuno tadzuka, kungoti chisanu cha chaka chino chabwera ndi mkwiyo. M'mawa nkhungu imatsika kuphiri n'kudzakhala pakhomo mpaka dzuwa litakwera, moti ndi mbuzi zomwe zimakana kutuluka m'khola. Mtedza takumba. Wa kumunda wa kumtunda wachita bwino, koma wa kumunsi chiswe chinatithandiza kukolola.

Mudabwa kuti ndalemba kalata ngati tili m'masiku a agogo pomwe foni ndili nayo. Ndayesa kangapo kujambula mawu, koma ndikamvetsera ndimamveka ngati wozungulira mutu, ndiye ndimangofufuta. Komanso mukaimba, Amayi amakhala pambali panga khutu lili tcheru. Kalatayi a Nathaniel, bambo akunyumba kuno, akaipereka ku Lilongwe kwa mayi uja anatsogolera alendo anu, poti iye watsalira ndipo anyamuka mkati mwa sabata ino. Muiwerenge muli nokha, ndipo musaseke mpaka mutafika kumapeto.

Alendo anu anafika bwino ndipo abwerera bwino. Munati ndi ana a ku koleji kwanu uko ku Amereka, akubwera masabata ochepa kudzaphunzira za mitengo ya m'nkhalango ya Ntchisi ndi kalimidwe ka m'mapiri. Kuphunzira kwake ndinakuona: kujambula. Anajambula mbuzi, nkhokwe, chimbudzi cha kusukulu kwathu, ngakhale a Isake ataledzera pansi pa mtengo wa mango. Wina anawauza kuti akupita kudziko lotentha, ndiye anabwera ndi makabudula ndi mafuta odzola oteteza dzuwa, m'mwezi wa Juni, ife tikuotha moto. Tsiku loyamba mano ankangoombana. Koma ndisaname, anali ana aulemu, ndipo polima mizera yotchinga madzi kuphiri ena a iwo anagwira khasu mpaka matuza.

Munatipempha kuti mmodzi azigona kwathu. Munati Amayi apeze wocheza naye, poti chimwalirire mng'ono wathu Tikondwe chaka chatha nyumba yangoti zii. Maganizo anu anali abwino, sindikukana. Anatipatsa Susana, mtsikana wamtali wowonda, tsitsi ngati ndevu za chimanga, wamanyazi, wosadziwa mawu a Chichewa kupatula zikomo.

Lamulungu loyamba, mapemphero atatha, amene anakonza ulendowu anati banja lililonse lipatse mlendo wake dzina la Chichewa. Akuti amatero kulikonse kumene apita, ndipo ana amasangalala. Anthu anayamba: uyu Madalitso, uyu Chifundo. Kamnyamata kena kodandauladandaula anakatcha Mavuto, tchalitchi chonse chinafa ndi phwete. Ine ndinali nditakonza kale lakuti Alinafe. Ndisanatsegule pakamwa, Amayi anaimirira, namugwira mkono mtsikana uja, nati, “Uyu ndi Tikondwe.”

Alendo anaomba m'manja okha. Ife eni mudzi tinangoyang'ana pansi. Azakhali a Magdalena, amene anakhala kumbuyo kwanga, ananditsina pamsana n'kundinong'oneza kuti, “Iwe Talandira, amako achita chiyani? Chiliza sitinamange, mwini dzina sanagone, ndiye alipereke kwa munthu wa pandege?”

Mwina sukulu yakuiwalitsani, ndiye ndikukumbutseni. Kwathu kuno dzina la womwalira silitoledwa ngati chipewa. Limadikira chiliza chimangidwe, kenaka limapatsidwa kwa mwana wobadwa m'banja lomwelo, kuti mwini wake apume podziwa kuti wabwerera pakhomo. Tsiku lometa, inu mukutsatira pa foni, akuluakulu anagwirizana kuti mwana wamkazi woyamba kubadwa pakati pathu ndiye adzakhale Tikondwe. Inde ndife a mpingo, ndipo abusa akafunsa timati zimenezo n'zachikunja. Koma inuyo ndinu Obadiya chifukwa cha agogo aamuna, ndipo simunadandaulepo.

Tsopano ndinene chimene mlongo sauza mlongo wake wamwamuna. Ndili ndi pakati, ndipo miyezi yapita ndithu. Kusikelo anandiunika nati ndi wamkazi. Zakuti ndi wamkazi sindinawauze Amayi, ndinkafuna chiliza chithe kaye kuti chimwemwe chawo chidzabwere chonse pamodzi. Ndikanawauza, mwina sakanaimirira tsiku lija.

Mwanayu anali wovuta, achimwene. Ankasewera m'mimba ngati ali pabwalo la mpira, moti ndikamaphunzitsa, ana a m'kalasi ankaona diresi ikugwedezeka n'kumaseka chobisa. Chitulukireni m'tchalitchi muja anangoti chete. Ndinadikira tsikulo, ndinadikira mawa lake, kenaka ndinathamangira kuchipatala. Anamwino anamvetsera nati mtima ukugunda bwino lomwe, ana ena amachita ulesi, ndimwe madzi ozizira ndigone chammbali. Ndinachita zonsezo, koma sanasunthe.

Madzulo a Lamulungu lomwelo Amayi anatsegula sutikesi imene sanaikhudze chichokereni kumanda, natulutsa juzi yofiira ya Tikondwe, ija munamutumizira inu. Anati mwana akuzizidwa. Susana anaivala. Manja a juziyo anali aafupi pa iye, koma sanaivulenso masiku onse amene anali kuno.

Ndikuuzani zimene ndinaona ndi maso anga masana dzuwa likuswa mtengo, kuti musati ndi maloto. M'mawa wina anatenga ndowa nati akathandize kutunga madzi. Ndinamulozera msewu wopita kumjigo. Iye anazungulira kuseri kwa khola n'kulowa m'kanjira kaja kodutsa pansi pa mkuyu, kamene Tikondwe yekha ankadzera pothawa anyamata a pagolosale. Kanjirako kanamera udzu mpaka m'chiuno, ine ndemwe ndinali nditakaiwala. Nditamufunsa m'Chingerezi kuti anakadziwa bwanji, anaseka nati, “Sindikudziwa, miyendo yangopita yokha.”

Galu uja, Mudzatopa, mukumudziwa khalidwe lake, amauwa ngakhale abusa. Chimwalirire mbuye wake Tikondwe amangogona pa phulusa, chakudya kuchita kumukakamiza. Kwa Susana sanauwe n'kamodzi komwe. Ankamutsata kulikonse, ndipo minibasi ikabwera m'mawa kudzatenga ophunzirawo, ankaithamangira mpaka pamlatho.

Kenaka anayamba kukhala pakona ya khonde, pa mwala uja, miyendo ataipinda mbali imodzi, akusenda mtedza ndi dzanja lamanzere, monga ankachitira Tikondwe. Pakudya ndi polemba amagwiritsa lamanja, ndinachita kumuyang'anitsitsa. Amayi ankakhala pafupi naye n'kumamufotokozera nkhani za m'mudzi m'Chichewa, za amene wakwatiwa, za amene waba nkhuku, iye n'kumagwedeza mutu pamalo oyenera. Kunena zoona Amayi anasintha. Anayamba kudya, kusamba osauzidwa, ngakhale kupita ku mvano. Ndinawamva akuseka koyamba chichokereni maliro, ndipo ndinathawira kukhitchini kukalira, osadziwa ngati ndikulira chimwemwe kapena mantha.

Tsiku lina ndikuchokera kusukulu ndinakhala nawo pakhondepo. Susana anayang'ana mimba yanga nandipempha ngati angagwire. Azungu alibe manyazi pa zimenezi. Ndinavomera. Atangoika dzanja, mwana anagunda mwamphamvu moti ndinakuwa. Anasewera nthawi yonse imene dzanjalo linali pamenepo. Atalichotsa, basi, chete. Ndinayesa mawa lake ndi mkuja wake mwanzeru, kumangokhala naye moyandikana, ndipo zinali chimodzimodzi. Akakhala pafupi mwana amadzuka, akachoka amagona.

Ndinawauza a Nathaniel. Mukudziwa kuti ndi mkulu wa mpingo. Anati, “Mayi, mantha ndi amene akukuonetsani zimenezi. Tiyeni tipemphere.” Tinapemphera, ndipo tikupempherabe. Koma ndinaona kuti iwonso sankamutchula mtsikanayo dzina lililonse, ankangoti “alendo”.

Chimene chinandithetsa nzeru chinachitika kunkhalango. Sabata yomaliza anandipempha ndiwaperekeze ngati womasulira, poti panali amayi ena otola nkhuni amene ankafuna kucheza nawo. Ndinati sindikwera phiri ndi mimba iyi, ndikathera m'munsi. Linali dzuwa la m'mawa, koma titangolowa m'mitengo ikuluikulu ija nkhungu inatsika, yoti munthu ali apo osamuona nkhope. Mbalame zinaleka kulira. Ankangomveka ndi madzi akudontha m'masamba, chonsecho mvula kunalibe. Mayi wotsogolera uja anasonkhanitsa ana ake kuti asasochere, ndipo anapeza kuti Susana palibe.

Anaitana. Anzake anaitana, mlonda wa nkhalango anaitana, “Susana! Susana!” mpaka mawu kusasa. Kunali zii. Ena anayamba kulira, wina akuyesa foni koma netiweki kulibe. Ine ndinaima chapatali nditagwira mtengo, mtima ukundiuza chochita, pakamwa pakukana. Dzina limenelo ndinali ndisanalitchule mokweza chichokereni kumanda. Potsiriza ndinakuwa, “Tikondwe!”

Yankho linabwera pompo, pafupi kwambiri: “Ee, a Tala.”

Achimwene, ndani wina ankanditchula choncho? Inu mumati Talandira, Amayi amati Talandira, ana amati madamu. Mwina anamva kwa Amayi, ndadziuza choncho kambirimbiri. Koma si mawu okha, ndi katchulidwe kake, kokoka kumapeto ngati munthu amene mwamudzutsa. Nthawi yomweyo mwana anatembenuka m'mimba mpaka ndinagwada.

Tinamupeza atakhala pa muzu wa mtengo, malo oti kuponya mwala ukhoza kupitirira. Anati sanamve aliyense akuitana, anangomva ine. Ankapuma movutika, m'chifuwa mukulira kamluzu kaja. Inu simunakhalepo masiku omaliza a Tikondwe, koma ine ndinakhala pambali pake mphumu ikumutsamwitsa, ndipo kamluzu kameneko ndikhoza kukazindikira pakati pa msika. Mayi wotsogolera anamufunsa ngati anadwalapo mphumu. Anati ayi, chibadwire. Anagwirizana kuti ndi chinyezi cha m'nkhalango, namupatsa mankhwala.

Madzulo ake ndinapita kwa azakhali a Magdalena n'kuwauza zonse. Sanadabwe. Anati, “Mwana wakoyo akudikira dzina lake. Mwini dzinayo naye wasokonezeka, sakudziwa kuti alowe khomo liti, wangotsata kumene akumuitana. Mlendoyo asanachoke abweze. Avule juziyo, aipereke m'manja mwa munthu wamagazi athu, anene ndi pakamwa pake kuti dzina ili si langa, ndabweza kwa eni ake. Koma anene mwa kufuna kwake, osati mochita kumuopseza. Ndipo amako ukawauze kaye.”

Ndinayamba ndi Amayi. Ndinawapeza akupeta, ndinagwada, ndinawauza kuti mwana ndi wamkazi. Ndinkayembekeza kuti alulutira. Anangopitiriza kupeta nati, “Mayina ndi ambiri, um'patse lina.” Ndinati, “Amayi, mwana sakusewera.” Anaika lichero pansi nandiyang'ana ndi maso amene sindinawaonepo, nati, “Ndinamuika m'manda kamodzi. Ukufuna ndimuikenso kachiwiri?” Ndinadzuka n'kuchoka.

Ndinadzilimbitsa mtima kuti mlendo ndi mame, akachoka zonse zibwerera m'malo mwake. Komabe tsiku lonyamuka ndinaganiza zolankhula ndi Susana yekha. Ndinamutengera kuseri kwa nyumba, Chingerezi chonse nditachikonza m'mutu. Ndisanayambe, iye anandikumbatira akulira. Anandiuza kuti mayi ake anamwalira iye ali wakhanda, analeredwa ndi bambo okha, ndipo chibadwire palibe amene anamufunditsapo kapena kumudzudzula kuti wadya pang'ono. Anati dzina limene tinam'patsa ndi mphatso yaikulu kuposa zonse zimene analandirapo. Kodi inu mukanatha kunena pamenepo kuti bweza? Ndisanapeze poyambira, Amayi anatulukira, namugwira dzanja, ndipo sanalisiye mpaka pa chitseko cha minibasi. Anapita juzi ili m'thupi.

Mame aja sanaume, achimwene. Minibasi itangozimirira kuseri kwa phiri, mwana anagonanso, ndipo mpaka lero. Ndapitanso kuchipatala. Mtima ukugunda, koma ulendo uno anamwino sanaseke. Anayeza mimba ndi tepi kawiri, naitana mnzawo, ndipo anati mwana sakukula monga ayenera. Andiuza ndizipita pafupipafupi, ndipo zikapitirira adzanditumiza kuchipatala chachikulu.

Ali ku Lilongwe podikira ndege, Susana ananditumizira chithunzi pa foni. Iye ndi anzake anapita kwa anyamata aja amalemba pakhungu ndi singano, mphini zamakonozi zosafufutika. Ena analembetsa mapu a Malawi, ena mtengo. Iye analembetsa padzanja lamanzere, pamene pamakhala wotchi, zilembo zakuda: Tikondwe. Pansi pa chithunzicho analemba kuti tsopano sadzasiyana nalo mpaka kufa. Anachita mwa chikondi, ndikudziwa, ndipo n'chifukwa chake ndikulephera ngakhale kumukwiyira. Ndinakawaonetsa azakhali. Atachiyang'ana anati, “Izi sindinazionepo. Dzina timabweza ndi pakamwa, koma ili lalowa m'magazi. Ayesebe.”

Atafika kwanuko anatumiza mawu ojambula. Akuthokoza m'Chingerezi, akufunsa za galu, akuti chifuwa chija sichinathe ndipo madokotala sakupeza kanthu. Kumapeto kuli kachete pang'ono, kamluzu kaja kakumveka, kenaka akunena m'Chichewa chosapotoka, “A Tala, kuno n'kutali.” Basi, mawu n'kuthera pomwepo.

Ndikaika foni pamimba n'kutsegula mawuwo, mwana amagunda. Pa Chingerezi chonse amakhala chete, amadikira mawu omalizawo. Ndimachita zimenezi pa nthawi yopuma kusukulu, nditadzitsekera m'kalasi, kuti ndingodziwa kuti akadali moyo. Mayi wanji amene amadzutsa mwana wake ndi mawu a mlendo? Ndikuopa, achimwene. Ndikuopa kuti ndidzabereka mwana wopanda mwini m'kati mwake, kapena sindidzabereka n'komwe.

Ndiye pempho langa ndi ili. Inu ndinu wamagazi athu, ndipo muli naye pa sukulu imodzi. Mum'funefune. Mukhale naye pansi, mum'fotokozere zonse monga ndalemberamu, m'Chingerezi chanu chabwinocho. Musamuopseze, ndi mwana wabwino ndipo sanalakwe. Mumuuze kuti pakhomo pano adzakhalabe mwana wathu, ndipo dzina lina ndamusungira, lakuti Alinafe. Akavomera, avule juziyo aipereke m'manja mwanu, anene mawu aja, inu muwajambule munditumizire. Juziyo mudzaitumize ndi aliyense wobwera kuno. Za padzanjazo sindikudziwa, mwina kumeneko kuli njira yofufutira. Ngati mukuona kuti zonsezi n'zaumbuli, palibe kanthu, chitani chifukwa cha ine. Munatitumizira mlendo osatifunsa bwino, tsono ichi chokha musandikanize.

Amayi musawauze. Ndikudziwa chimene ndikuwachita. Tsiku lililonse amakhala pa mwala uja, chithunzi cha mtsikanayo chili m'manja, akudya bwino, akuimba nyimbo za mvano. Dzina likabwerera sindikudziwa ngati adzandikhululukire, kapena ngati adzalandire mdzukulu wawo m'manja. Ndasankha mwana wanga, ndipo Mulungu andiweruze yekha.

A Nathaniel akupereka moni, akuti limbikirani sukulu. Azakhali a Magdalena akupereka moni, akuti musachedwe. A Isake akuti chithunzi chawo chija achifuna. Amayi sakudziwa zimene ndalemba, koma aona ndikulemba, ndipo akuti ndipereke moni kwa ana awo onse awiri amene ali kunja. Akuti mumuuze mng'ono wanu azivala juzi, asamayende m'mawa kukuzizira, chifuwa chake mukuchidziwa.

Moni wa Amayiwo mukam'patse, ndi wochokera pansi pa mtima. Koma mukamuona akuyenda pakati pa anzake, musathamangire kumugwira paphewa. Muime kumbuyo kwake, mumuitane kuti Susana. Muitane kawiri, katatu, mokweza. Akatembenuka, mundiimbire nthawi yomweyo ngakhale ndili m'kalasi. Akapanda kutembenuka, musaimbire ine, muimbire a Nathaniel, adzadziwa mondiuzira.

Mwana wa mlongo wanuyu sindinganene kuti akupereka moni. Ndaika dzanja pamimba nthawi yonse imene ndakhala ndikulemba kalatayi, ndipo sananene kanthu.

Ndine mlongo wanu wokukondani,

Talandira.